Kusankha Mlonda

Laputopu imene anandisiyira Yelesani popita ku Kitwe
ndiyo imasunga kaundula wa gulu lathu la nshawa:
amayi makumi atatu ndi awiri, mayina, matumba, ngongole.
Usiku ndimaifunditsa kansalu koluka
ngati kuti fumbi la ku Mchini ndilo mdani yekhayo.

Mwezi wa Juni inayamba kuyenda ngati ngolo m'matope.
Bandulo ya mwezi wonse inatha Lachitatu.
Kanyali ka pamwamba pa galasi
kanayaka kokha, ine ndili chimangire chitenje m'khwapa,
ndikudzola mafuta.

Ndinakwera njinga ya hayala mpaka ku Kapata,
makinawo nditawakumbatira ngati mwana wa malungo.
Lekani Shawa, amene amakonza mafoni kuseri kwa ogulitsa salaula,
anadinadina, nadzuma.
Amayi, muno muli kazitape.
Chilembo chilichonse chimene mwagunda amachitola,
n'kupita nacho kwina.

Ndiye ndigule mlonda uti?

Anandiyalira ngati tomato pathandala.
Uyu amene amatulukira yekha ndi zilembo zofiira,
kukuwa kuti mwadwala, dinani apa msanga,
ameneyo ndi mbala yovala jekete la mlonda.
Uyu wa pa fulashi, wa makwacha makumi asanu,
anachita kumuthyolera loko kuti akhale wotchipa;
wothyola loko sadziwika chimene anasiya m'kati.
Uyu wolipira chaka ndi chaka ndi galu weniweni,
koma amadya: matumba awiri a nshawa,
ndipo makina okalamba ngati anuwa amawalemera.

Ndinawerengera m'mutu. Fizi ya Tisauke. Feteleza.
Denga lodontha la kukhitchini.

Palinso wina, anatero Lekani,
amene anabwera nayo kompyuta kuchokera kumene inapangidwa.
Sauwa pachabe, sapempha kanthu,
angofuna kumudyetsa zatsopano sabata ndi sabata.
Koma wanuyu anamugoneka.

Ndani?

Anakanda kumutu. Kutsutsa galu n'kukumba, amayi.
Anakumba.
Kazitapeyu sanalowere pa intaneti.
Anamuika ndi manja, munthu atakhala pampando,
pa nayini Epulo, cha m'ma teni usiku.

Pa nayini Epulo ndinali ku Chadiza,
ndikugona pamphasa pamaliro a azakhali.
Kunyumba kunatsala munthu mmodzi,
yemwe amafunsa kawirikawiri
chifukwa chake wogula nshawa wa ku Lusaka
amandilembera dzuwa litalowa.
Yemwe mawu anga achinsinsi ndinamuuza ndekha,
chifukwa anali tsiku la ukwati wathu.

Panja wina ankakuwa mtengo wa nsapato.
Ndinayang'ana phiri la Kanjala nthawi yaitali
ngati ndaliona kumene.

Mudzutseni wogonayo, ndinatero.
Wolipirayo ndidzamuganizira tikagulitsa mu Ogasiti.
Lekani anasesa, nachotsa, nayatsanso.
Mawu achinsinsi atsopano ndinalemba iye atatembenuka:
aatali, osokonekera, opanda tsiku la munthu aliyense.
Pa kadiso ka kamera ndinamatapo pulasitala wa pabala.

Ndinabwerera wapansi.
Nankafumbwe saboola thumba kuchokera kunja,
timamusokera m'kati tokha
ndi singano yathu, tikuimba.

Ndinawapeza pakhonde, bambo a Yelesani,
akupukuta nsapato zoyera kale.
Yakonzedwa?
Yakonzedwa.
Chinali chiyani?
Kachilombo, ndinatero. Kapakhomo pompano.
Burashi inaima pang'ono, kenako inapitiriza.

Tsopano pakona pa galasi pali kachishango kobiriwira,
kakuti zonse zili bwino.
Ndimakakhulupirira pa zimene kakudziwa.
Koma pa mndandanda wonse wa Lekani
panalibe mlonda woletsa munthu
amene ali ndi kiyi wa chitseko,
amene ndimamuthirira shuga masipuni atatu
osamufunsa n'komwe.